Difu ya LSD ya galimoto yampikisano: kuikonzanso, kugula ina, kapena kungowotcherera?

Galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo ikamatuluka pakona, kulemera kwake kumatsamira ku tayala lakunja, lamkati n'kupepuka. Mukaponda moto pamenepo, injini n'kukweza mawu koma liwiro osawonjezeka, tayala lamkati likufuka utsi lokha, ndiye kuti difu, bokosi la magiya logawira mphamvu ya injini ku matayala awiriwo, yasiya ntchito yake. Difu wamba imagawa mphamvu mofanana ku matayala awiriwo, ndipo mphamvu imeneyo siingapose imene tayala loterera likutha kugwira nayo pansi. Limodzi likapepuka, onse awiri afooka. LSD (limited-slip differential), difu yochepetsa kupalasa kwa tayala, inapangidwa kuti tayala lotsamiridwalo lilandire zochuluka. Mu 1935 Ferdinand Porsche anapempha kampani ya ZF ku Germany kuti imupangire difu yotere, chifukwa galimoto zampikisano za Auto Union zinkapalasa tayala ngakhale zili kale pa liwiro lalikulu. Mwini BMW E36 ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria, kapena mwini Nissan 200SX ku Donnybrook ku Harare, akulimbana ndi vuto lomwelo, kungoti iye ndalama zake zimachoka m'thumba mwake.

Njira zilipo zingapo: kumasula LSD ya mapuleti imene muli nayo n'kuikamo zatsopano, kugula ya mapuleti yopangidwira mpikisano, kusinthira ku ya magiya opotana, kutola ina kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zakufa, kapena kuitana wowotcherera. Ndinene kumene ndaima: ngati m'galimoto mwanu muli kale LSD ya mapuleti ndipo chigoba chake, chitsulo chosunga mapuletiwo, n'chabwino, konzani imeneyo. Njira zinazo zili ndi malo ake, koma anthu ambiri amazithamangira asanayeze n'komwe difu imene ali nayo.

Yambani mwadziwa chimene chili m'difumo

Kwezani matayala onse awiri akumbuyo, giya ili pa neutral, muzungulitse limodzi ndi manja. Linalo likazungulira mbali yomweyo, muli ndi LSD ya mapuleti kapena ya viscous, yogwira ndi madzi a silikoni. Likazungulira mobwerera, musafulumire kunena kuti ndi difu wamba, chifukwa Torsen ndi zinzake za magiya opotana nthawi zambiri zimachita chimodzimodzi zikakhala m'mwamba, zopanda katundu. LSD ya mapuleti yotheratu nayonso ingathe kukunamizani motero. Pa BMW zakale pamakhala kachitsulo kolembedwa nambala ya magiya, ndipo chilembo S patsogolo pa nambalayo chimatanthauza LSD. Koma kachitsulo kameneka kamamangidwa ndi bawuti imodzi yokha, ndipo galimoto ya zaka 30 yadutsa m'manja ambiri. Chotsani chivindikiro muone ndi maso.

Ngati ndi ya mapuleti, iyezeni musanamasule kalikonse. Tayala limodzi likhale pansi, linalo m'mwamba, matayala akutsogolo mwawatchinga ndi zipika, handibuleki mwaimasula. Ikani torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yopotoza, pa nati ya pakati pa tayala lokwezedwalo, mukoke pang'onopang'ono mpaka litayamba kuzungulira, mulembe nambala ya ma Nm, muyeso wa mphamvu yopotozayo. Nambala imeneyi ikuonetsa preload imene yatsala, kutanthauza mphamvu imene mapuleti apanikizana nayo injini isanachite kanthu. Ikakhala pafupi ndi ziro pa difu imene inabwera ndi preload, mapuleti aperepeseka kapena masipuring'i atopa.

Kenako khuthulani oyilo muyang'ane. Phala lotuwa losalala ngati ufa pa maginito ya pulagi, ngati ilipo, n'lachibadwa pa difu ya mapuleti. Tizidutswa tomveka pakati pa zala ndi nkhani ina: ndiye kuti mano a giya kapena bearing yayamba kusweka, ndipo ntchito yanu yakula.

Kukonzanso ya mapuleti imene muli nayo

Kuti musankhe bwino zoikamo muyenera kudziwa mmene imagwirira ntchito. M'chigoba muli mapuleti amitundu iwiri osanjikizana mosinthana. Ena ali ndi makutu kunja okolowekedwa m'mizere ya chigoba, ena ali ndi mano mkati ogwira giya imene imazungulitsa shafuti ya tayala. Pakati pali zitsulo ziwiri zozungulira zokhala ndi mipata yonga V, ndipo timitanda tonyamula magiya ang'onoang'ono timakhala m'mipata imeneyi. Mipata yotsetserekayi ndiyo amaitcha ma ramp. Injini ikakankha, timitandato timafuna kukwera ma ramp, zitsulo ziwirizo zimakankhidwira kunja, mapuleti n'kupanikizana. Moto ukachuluka, kupanikizana nakonso kumachuluka. Kumapeto kwa mulu wa mapuleti kuli mawashala opindika ngati mbale amene amagwira ntchito ya sipuring'i, ndipo ndiwo amapereka preload ija.

Chimene chimatha ndi mapuleti ndi mawashala opindikawo. Zimenezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi difu yonse, n'zopepuka kuitanitsa kuchokera kunja, ndipo pa galimoto zotchuka ngati BMW E30 ndi E36 zimagulitsidwa pamodzi m'paketi. Koma musanaitanitse, tsukani chigoba muyang'ane m'mizere mmene mumakhala makutu a mapuleti. Ngati makutuwo anakumba timaenje tokola chikhadabo, mapuleti atsopano azikodwa m'menemo, ndipo difu izigwira ndi kutaya mosadziwika bwino. Yang'ananinso ma ramp ndi timitanda tija. Malo owala mosalala si vuto, koma kampata kodyeka kumene kamtanda kamakhazikika kamasintha kagwiridwe konse. Tizilonda tating'ono tingasalazidwe ndi mwala wonolera. Chigoba chong'aluka kapena chokumbika kwambiri n'chotaya, ndipo apa m'pamene njira zina zija zimayamba kumveka.

Titenge difu ya BMW ya mamilimita 188, imene ili m'galimoto zambiri za masilinda 6 za E30 ndi E36. LSD yake yochokera kufakitale imatseka 25%, kutanthauza kuti kusiyana kwa mphamvu pakati pa matayala awiriwo kungafike 25% ya mphamvu yonse, ili ndi magulu awiri a mapuleti, limodzi mbali iliyonse, ndipo ma ramp ake ndi a madigiri 45 poponda moto ndi posiya moto pomwe. Inapangidwira msewu wamba ndi matayala a nthawi imeneyo. Pa matayala omata a mpikisano 25% imachepa, ngakhale difuyo ili yatsopano. Chimene amakaniko ambiri amachita ndi kuchotsa chitsulo chochindikala chimene chimangodzaza malo pansi pa chigoba, n'kuikapo gulu lachitatu la mapuleti, ndipo kutseka kumafika cha m'ma 40%. Gulu lachinayi nthawi zambiri limafuna kuti chivindikiro cha chigoba chisemedwe pa lathe, makina osemera zitsulo. Kwa galimoto ya injini yosasinthidwa kwambiri, ine ndimaona kuti magulu atatu ndi okwanira.

Mapuleti ochuluka ali ndi ubwino wina umene sutchulidwa kawirikawiri. Ntchito yomweyo ikagawidwa pa mapuleti ambiri, puleti iliyonse imatentha pang'ono ndipo imachedwa kutha. Choncho mungathe kupeza kutseka kochuluka popanda kufinya masipuring'i.

Ma ramp ndiwo amapatsa difu khalidwe lake. Pa kawerengedwe ka BMW ndi ZF, nambala ikachepa kutseka kumachuluka: madigiri 30 amatseka kuposa 45, pamene 90 satseka n'komwe. Makampani ena amawerengera mbali ina, ndiye funsani musanalipire. Difu yotseka poponda moto pokha amati 1-way, yotseka mofanana poponda ndi posiya amati 2-way, ndipo yotseka kwathunthu poponda koma pang'ono posiya amati 1.5-way. Kutseka posiya moto kumakhazikitsa galimoto mukamaponda mabuleki polowa pakona, kumbuyo sikugwedezeka. Koma kukachuluka galimoto imakana kulowa, mphuno imapitirira kunja ngakhale mwakhotetsa chiwongolero. Kutseka poponda moto kumakutulutsani pakona ndi mphamvu, koma kukapyola muyeso galimoto imayamba yakankha mphuno kunja, kenako matayala onse akumbuyo n'kutaya nthawi imodzi osakuchenjezani. Odrifita, amene amatererekesa kumbuyo kwa galimoto mwadala pakona, amakonda 2-way chifukwa akufuna kumbuyo kuzichita chimodzimodzi nthawi zonse. Wofuna kuchepetsa masekondi pa lapu, makamaka pa bwalo la makona opanikizika, 1.5-way imamuyenera kwambiri.

Preload ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Njira yachidule imene imakopa ndi kusiya mapuleti akutha momwemo, n'kulowetsa shimu, kawashala kodzazira mpata, yochindikala kuseri kwa sipuring'i. Mukayeza ndi torque wrench nambala imakwera, difu imaguguda pokhota pagalaja, mwini galimoto n'kusangalala. Koma mapuleti akutha atha basi. Choopsa n'chakuti mulu ukachindikala mpaka mawashala opindika aja kuphwatalala, sakhalanso sipuring'i. Difu imakhala ngati yowotcherera, imatentha, mapuleti amadyana msanga, ndipo mabawuti a chivindikiro amanyamula katundu amene sanapangidwire. Preload imagwira ntchito nthawi zonse, ngakhale pakatikati pa kona pamene phazi silili pa moto kapena pa buleki, ndipo ndi pomwepo pamene mukufuna kuti galimoto ikhote momasuka. Galimoto yopepuka ngati Mazda MX-5 imamva preload yochuluka msanga kuposa yolemera. Yanga ndi iyi: preload yapakatikati, mapuleti ochulukirapo, ntchito yaikulu muisiyire ma ramp. Yezani puleti iliyonse ndi micrometer, chida choyezera kuchindikala, yezani kuya kwa chigoba, muwerengetse kuti masipuring'i apanikizika mochuluka bwanji mukamanga chivindikiro. Pakani oyilo pa puleti iliyonse poika, ndipo jambulani ndi foni mmene zakale zinasanjikizirana musanazisokoneze.

Ntchito imene njira zambiri zimakumanapo

Kaya mukukonza yanu kapena mukuikamo ina, mtima wa difu uyenera kutuluka m'nyumba yake, crown wheel, giya yaikulu yomangidwa pa chigoba, ichotsedwe n'kubwezeredwa, ndipo mano ake akumanenso bwino ndi a pinion, giya yaing'ono imene imaizungulitsa. Madifu ambiri okonzedwa amafera apa, osati pa mapuleti. Musanamasule, ikani dial gauge, choyezera chonga wotchi, pa dzino la crown wheel muyeze backlash, kampata kamene mano amasewera, pa malo atatu kapena anayi kuzungulira. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri kamakhala cha pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.2, koma nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Magiya amene ayenda kale limodzi anazolowerana, ndiye cholinga n'kuwabwezera pa nambala imene munaipeza. Mashimu a ku bearing yakumanzere ndi yakumanja musawasakanize, muwalembe chizindikiro pochotsa.

Pinion musaikhudze ngati ma bearing ake akuzungulira mosalala, osalira. Pa madifu ambiri kumbuyo kwa nati yake kuli kachitsulo kophwanyika kamene kamagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo mukamanga mopyola muyenera kuyambiranso ndi katsopano. Crown wheel ikakana kulowa pa chigoba, itenthetseni mu uvuni kapena m'madzi owira, osati ndi lawi la gasi kapena nyundo. Mabawuti ake akhale atsopano, muwapake mankhwala omatira, muwamange modumphadumpha ndi torque wrench. Pomaliza pakani utoto woyezera pa mano angapo, muzungulitse uku mukugwira crown wheel kuti ilemere, muone pamene mano akugundana. Chidindo chiyenera kukhala chapakati pa dzino, osati kunsonga kapena pansi penipeni.

Pamenepa m'pamene kukonza yanu yomwe kumapambana mwakachetechete. Chigoba chimene chatuluka ndi chomwecho chikubwerera, choncho ndi mashimu omwewo backlash imabwerera pafupi kwambiri ndi pamene inali. Mukagula LSD ina, ngakhale yodula chotani, miyeso yake imasiyanako pang'ono, ma bearing amakhala atsopano, ndipo mufunika mashimu osiyanasiyana kuti mupeze oyenera. Kumene zipangizo zotere sizipezeka m'sitolo yapafupi, galimoto ingathe kukhala pa majeke kudikira kawashala kamodzi. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kugula ya mapuleti yopangidwira mpikisano

Mayina odziwika ndi OS Giken, Cusco ndi KAAZ a ku Japan, ndi Drexler ya ku Germany. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi kamene tafotokoza, koma zonse n'zochulukirapo. Super Lock ya OS Giken imafika mapuleti 28 pa madifu akuluakulu, n'chifukwa chake imatseka kwambiri koma mofewa. Cusco ili ndi mitundu iwiri: MZ imagwiritsa mawashala opindika aja, pamene RS imagwiritsa timasipuring'i tozungulira tokhala pakati pa zitsulo za ma ramp, ndipo preload yake mumaisintha pochepetsa kapena kuwonjezera timasipuring'ito. Zambiri mwa izi zimalola kusintha kasanjidwe ka mapuleti kuti ena asagwire ntchito, kutseka n'kutsika kuchoka pa 100% kufika pa 80 kapena 60. Zina zili ndi mipata ya ma ramp iwiri pa chitsulo chimodzi, moti mungasinthe kuchoka pa 1.5-way kupita pa 2-way osagula kanthu.

Njira imeneyi ndi ya anthu amitundu iwiri. Woyamba ndi amene galimoto yake ilibe LSD ya mapuleti yoti n'kuikonza, monga eni Nissan ndi Toyota zambiri zochokera ku Japan zimene zinabwera ndi difu wamba kapena ya viscous. Wachiwiri ndi amene wakweza mphamvu ya injini kwambiri, waika matayala a slick, osalala opanda mizere, ndipo akutha kumva kusiyana kwa ramp iyi ndi iyo. Ngati simunafike poyendetsa malapu ofanana motsatizana, ndalama zimenezo zingakupatseni masekondi ambiri mukazigulira matayala ndi nthawi pa bwalo.

Mtengo wake si umene uli pa intaneti wokha. Onjezerani zotumizira chitsulo cholemera, msonkho wa pachipata, ma bearing, ma oil seal, mabawuti, oyilo wosinthidwa kawiri, ndi makaniko. Ndipo nayonso mapuleti ake amatha. Ngati mwaganiza zogula, itanitsani paketi ya mapuleti apadera pa ulendo womwewo.

Ya magiya opotana

Iyi ilibe mapuleti. Torsen, imene anaitulukira Vernon Gleasman wa ku America m'zaka za m'ma 1950, ATB ya Quaife ya ku Kent ku England, ndi Wavetrac ya ku California zonse zimadalira magiya opotana amene amakhuzana okhaokha ndiponso ndi chigoba injini ikakankha. Honda S2000, Toyota 86 ndi MX-5 za injini ya 1.8 zambiri zinatuluka kufakitale ndi Torsen, ndipo Ford Focus RS yoyamba ya mu 2002 inali ndi Quaife.

Mphamvu yake amaiyeza ndi chiwerengero chochulukitsa, chimene pa zambiri chimasewera pakati pa 2 ndi 3. Ngati ndi 3, ndipo tayala lamkati likutha kugwira ma Nm 100, lakunja lingalandire mpaka 300. Mukawerengetsa, 3 kwa 1 ndi chimodzimodzi kutseka kwa 50%, pamene 25% ya BMW ija ndi pafupifupi 1.7 kwa 1. Ndiye wonena kuti ya magiya ndi yofooka akulakwa, malinga matayala onse ali pansi. Vuto limabwera tayala lamkati likadumpha pa kebu, kamtumbira ka m'mphepete mwa kona, kapena kunyamuka pakona: ziro kuchulukitsa katatu ndi ziro, ndipo difu imasanduka wamba nthawi yomweyo. Tayala lija limathamanga m'mwamba, likamatera n'kugwira mwadzidzidzi, ndipo kugunda kumeneko ndiko kumathyola mashafuti ndi magiya. Wavetrac inaikamo kachipangizo pakati kopanga kukhuzana tayala likapepuka, pofuna kuchepetsa vutoli.

Ubwino wake ndi mtendere. Siguguda, sikankha mphuno polowa pakona chifukwa ilibe preload yambiri, imagwiritsa oyilo wamba wa difu, ndipo palibe zoti muzimasula chaka ndi chaka. Kwa galimoto imene imapita kuntchito mkati mwa sabata n'kukalowa pa bwalo Loweruka, kapena yokoka ndi matayala akutsogolo imene LSD ya mapuleti yolimba ingalimbitse chiwongolero, ine ndingasankhe iyi. Kwa galimoto yolimba masipuring'i, yotsika, imene woyendetsa wake amadula makebu, ya mapuleti ndiyo yoyenera. Koma ngati muli kale ndi Torsen ndipo tayala lamkati likupalasa, musaitaye msanga. Feweretsani anti-roll bar yakumbuyo, chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pakona, muonenso ngati mashoko akulola tayala kutsika mokwanira. Nthawi zambiri vuto limakhala loti tayala likuchoka pansi popanda chifukwa, ndipo kukonza zimenezo kumathandiza difu yamtundu uliwonse.

Viscous ndi zakutha zotola

Ya viscous, imene ili mu Nissan 200SX S13 ndi S14 zambiri, mu 350Z ndi mu MX-5 zakale za 1.6, ndi kachitini kotsekeratu kokhala ndi mapuleti obowoka m'madzi a silikoni. Imadikira kuti tayala liyambe kupalasa kenako n'kugwira, ndipo kutentha kwa pa bwalo kumaononga madziwo mpaka difu kusanduka wamba. Kachitinika sikamasulidwa pagalaja wamba. Musatayirepo ndalama.

LSD yotola ku galimoto zakufa muitenge ngati chigoba choti mukonze, osati ngati yokonzeka. Zaka zake n'zofanana ndi za yanu, ndipo simudziwa kuti inathiridwa oyilo wanji. Pitani ndi torque wrench, muumirire kuti atsegule chivindikiro. Phindu lake lenileni n'lakuti mungaikonze pang'onopang'ono pa tebulo galimoto ikuyendabe, ndipo mukapeza ya nambala ya magiya ina mumakhala ndi madifu awiri, ya bwalo la makona ambiri ndi ya bwalo la misewu yaitali.

Kuwotcherera

Palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi, ndipo ili ndi kwawo. Ku South Africa, masewera a spinning, ozungulitsa galimoto matayala akufuka, amene bungwe la Motorsport South Africa linawavomereza mu 2014 ndipo mfumu yake ndi BMW E30 325iS imene amaitcha gusheshe, amafuna kuti matayala onse awiri azipalasa pamodzi nthawi zonse. Pamenepo ndi kwa wophunzira kudrifita, difu yowotcherera imachita zimene akufuna.

Pothamangitsana ndi nthawi ndi nkhani ina. Pakona tayala lakunja liyenera kuyenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndipo mukawamangirira pamodzi limodzi liyenera kukwekwereza. Galimoto imakana kulowa pakona, matayala amatha msanga, mashafuti ndi ma CV joint, mfundo za kumapeto kwa mashafutiwo, amavutika, ndipo mvula ikagwa kumbuyo kumataya mosachenjeza. Pa msewu wa anthu onse musayende nayo. Kuwotcherera kosalowerera kumagamphuka, chidutswa n'kulowa pakati pa crown wheel ndi pinion, matayala n'kuima galimoto ili pa liwiro. Ngati mukufunadi difu yotsekeratu, spool, chitsulo chathunthu cholowa m'malo mwa magiya amkati, ndi yodalirika. Ndipo ngati muwotcherera ndithu, pezani difu wamba yoti muiwononge. LSD ya mapuleti ya E30 saipanganso kufakitale, ndipo pali wina amene angakupatseni madifu wamba angapo posinthana nayo.

Oyilo, kuzoloweretsa ndi kutentha

Difu yakumbuyo imafuna oyilo wa GL-5, kawirikawiri 75W-90 kapena 75W-140 kwa yogwira ntchito yotentha. Wa LSD amakhala ndi mankhwala oterereza mapuleti kuti asamagugude. Mankhwalawa akachepa difu imaguguda pokhota pang'onopang'ono, akachuluka kutseka kumachepa. Pa galimoto ya pa bwalo yokha, kuguguda pang'ono pochoka m'galaja si matenda. Tsatirani zimene wopanga mapuleti wanena, ndipo mukapeza oyilo amene galimoto ikuyenda naye bwino musamasinthesinthe, chifukwa kusintha oyilo kumasintha khalidwe la difu. Pa galimoto yokoka ndi kutsogolo, LSD imasambira m'oyilo yemweyo wa giyabokosi, ndiye oyiloyo ayenera kugwirizananso ndi ma synchro, timphete tothandiza magiya kulowa bwino.

Mapuleti atsopano amafuna kuzolowerana asanapatsidwe moto wonse. Makampani ngati KAAZ amalangiza kuyendetsa galimoto mojambula nambala 8 pamalo opanda anthu, pang'onopang'ono, kwa mphindi pafupifupi 30, mukuponda klatchi pokhota kuti mapuleti akhuzane mopanda katundu. Kenako khuthulani oyilo akadali wofunda, chifukwa amakhala ndi ufa wachitsulo umene simukufuna kuti uzidutsa mu ma bearing. Mukatero yezaninso ndi torque wrench. Nambala imatsikako poyerekeza ndi ya pa tebulo, ndipo yatsopanoyi ndiyo muisunge. Muziyezanso pakatha mipikisano ingapo iliyonse, difu itazizira, mwanjira yomweyo. Ikatsika kufika cha pa theka, ine ndimati yakwana nthawi yoitanitsa mapuleti, tayala lisanayambe kufuka.

Difu imakhala pamalo opanda mphepo yambiri, pafupi ndi paipi ya utsi, ndipo oyilo wake ndi wochepa, lita imodzi kapena iwiri basi. Mu Okutobala ku Harare kapena mu Januwale ku Gauteng, malapu angapo olimba amautenthetsa kwambiri. Oyilo akamatuluka wakuda, wonunkha chopserera, kapena akamalavulidwa pa kabowo kopumira, ikani chivindikiro cha zipsepse ndi chotchinga pakati pa difu ndi paipi ya utsi. Pampu ndi choziziritsira oyilo n'za mipikisano yaitali.

Musanatulutse ndalama iliyonse werengani malamulo a gulu limene mukufuna kupikisanamo, chifukwa magulu ena amalola LSD ya kufakitale yokha, ena amaletsa yowotcherera. Ndipo posankha makaniko, musamufunse ngati anakonzapo difu, aliyense amayankha kuti inde. Mufunseni akuonetseni dial gauge, micrometer ndi utoto woyezera mano, ndipo mugwirizane kuti pobweza difu akupatsani pepala lolembedwa backlash asanamasule ndi atamanga, kuchindikala kwa mulu wa mapuleti, ndi ma Nm a preload. Akayamba kufotokoza kuti iye amamva ndi dzanja, nyamulani difu yanu mupite nayo kwina.